Laimu Amachoka ndi Anamzeze

Nyumba ya pageti la esiteti ya Blenkhope anaimangira maso a anthu odutsa. Za ogonamo anaziganizira pambuyo. Mmisiri amene anaijambula, zaka mazana awiri zapitazo, ankaona m'maganizo mwake mlendo ali m'ngolo ya akavalo, akutsika chitunda atatopa, maso ake n'kugwera pa kanyumba ka miyala yachikasu, n'kudzifunsa kuti, ngati wotsegula geti akugona motere, nanga mwini malo? Choncho anaipatsa khonde la nsanamira ziwiri zonenepa ngati za tchalitchi, pamene chitseko chake munthu wamtali amalowa chowerama. Anaipatsa chumuni chachitali cha mbali zisanu ndi zitatu, ndi mwala wosemedwa mbawala yanyanga pamwamba pa khomo, chizindikiro cha banja la eni malo. Zenera lakutsogolo linatukuka kunja ngati mimba, lili ndi magalasi atatu: lina loyang'ana msewu, lina geti, lina njira yopita ku nyumba yaikulu. Kumpoto, kumene kuli chipinda chogona, anaikako zenera labodza, miyala yokhayokha yopakidwa utoto wakuda, kuti mbali ziwiri za nyumba zifanane.

Wilf Milburn sanabadwiremo. Anali mkamwini wa nyumbayo.

Anafika ku Blenkhope ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, kudzagwira ntchito iliyonse imene manja angaigwire: kukonza mipanda ya nkhosa, kutsegula ngalande, kubwezera matailosi ogwa padenga. Wotsegula geti nthawi imeneyo anali Jos Hedley, bambo wamfupi wa mawu ochepa. Jos anali ndi mwana mmodzi, Sheila, amene ankasokera pazenera lamimba lija, n'kumaona wodutsa aliyense iye asanaonedwe. Chaka chimenecho Wilf anadutsa pagetipo kambirimbiri, nthawi zina popanda kumene akupita.

Atakwatirana, Wilf anaona mmene apongozi ake ankasamalira makoma. Chaka chilichonse, anamzeze akangofika n'kuyamba kumata zisa pansi pa khonde, Jos ankatulutsa ndowa ya laimu, njereza yosakaniza ndi mchenga yomatira miyala. Ankazungulira nyumba akugogoda m'mizere ya pakati pa miyala, n'kumata pamene pagumuka, kachigawo kochepa kukula ngati thebulo. Kenako ankapachikapo ziguduli zonyowa, n'kumaziwaza madzi sabata yathunthu ngati akudwazika munthu. Anamzeze akamasonkhana pawaya kukonzekera ulendo, iye ankatsuka zida n'kuzisunga, kaya wamaliza kaya sanamalize.

"Laimu amadza ndi anamzeze, amachoka ndi anamzeze," ankatero. "Chisanu chikamupeza asanakhwime, wafa."

Wilf ankaona ngati ndi ntchito ya munthu wosowa chochita. Makoma omwewo chaka ndi chaka, osatha.

Jos anamwalira kumayambiriro kwa 1976. Chaka chimenecho mvula inakana, msipu unafiira, nkhosa zinkalira m'mbali mwa mtsinje wouma. Wilf anaona kuti nthawi yakwana yosonyeza kuti mkamwini nayenso ndi munthu. Anabweretsa matumba a simenti. Chigwa chonse chinkachita zomwezo masiku amenewo. M'masabata asanu anamata nyumba yonse, mizere yotuwa, yowongoka, yotukuka pang'ono pamwamba pa miyala ngati mitsempha ya padzanja. Timabowo tinayi ta m'munsi mwa khoma lakumpoto, timene tinkalowetsa mphepo pansi pa matabwa a m'nyumba, anatitseka kuti makoswe asamalowe. Pansi pa zenera labodza analembapo ndi msomali, simenti akadali wofewa: W.M. 1976. Odutsa ankaima n'kumayamikira.

"Basi," anauza Sheila akupukuta manja. "Nyumba iyi sidzafunanso munthu."

Sheila anayang'ana khomalo nthawi yaitali. "Yavala suti," anatero. Sananene ngati sutiyo yaikhala.

Mwala wa dera limenelo ndi wofewa. Umamwa mvula, dzuwa likawala n'kuilavula. Laimu ndi wofewa kuposa mwalawo, choncho madzi ankatulukira m'mizere, ndipo chodyeka chinali laimu, amene Jos ankangomubwezera. Simenti sapereka njira. Madzi atasowa potulukira anayamba kugona m'mwala, chisanu chikabwera n'kuundana, n'kusupula nkhope ya mwalawo. Sizinachitike chaka chimodzi. Ana awiri anabadwa, anakula, anapita kukagwira ntchito ku Newcastle. Geti linasiya kutsekedwa. Nyumba yaikulu inasanduka malo ochitirako maukwati. Boma linalemba kanyumbako m'kaundula wa nyumba zakale zotetezedwa, moti ngakhale zenera lowola sungalisinthe popanda chilolezo. Wilf anapuma pantchito, a esiteti n'kumusiya kuti azikhalabe momwemo. Nthawi yonseyi miyala inkabwerera m'kati pang'onopang'ono, mizere ya simenti n'kutsala itaima yokha, yolimba ngati tsiku loyamba. M'mawa uliwonse wachisanu, m'tsinde mwa khoma munkapezeka mchenga wachikasu. Wilf ankausesa msanga.

M'chipinda chogona, kuseri kwa kabati ya zovala, khoma linada ndi nkhungu. Sheila ankayamba kutsokomola mu Novembala, n'kudzasiya mu Epulo.

Chaka chimene Wilf anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri, mu Febuluwale, mutu wa mbawala ija unagwa. Sheila anaupeza pakhonde, n'kuuika pathebulo pafupi ndi botolo la jamu. Patapita masabata awiri kunabwera kalata ya woyang'anira esiteti. Inati mwina nyumbayo siyoyeneranso anthu achikulire. Kubwera katswiri wa boma woona za nyumba zakale. Akapeza kuti pakufunika ntchito yaikulu, banja la a Milburn lidzasamutsidwira ku kanyumba katsopano m'tauni, kofunda, kopanda chinyezi, ndipo nyumba ya pageti ikadzakonzedwa idzakhala ya alendo obwera kutchuthi.

Sheila anawerenga kawiri. "Kofunda," anatero. "Bokosi la maliro nalonso akuti n'lofunda. Ndinabadwira m'chipinda icho, Wilf. Mayi anga anatulukira pakhomo ilo, bambo anganso. Inenso ndidzatulukira pomwepo atandinyamula."

Katswiriyo anabwera mu Malichi, tsiku la mphepo yozizira yochokera kunyanja. Anali mayi wa zaka za m'ma makumi anayi, wa nsapato zamatope, dzina lake Gillian Pringle. Anazungulira nyumba kawiri, kenako anapisa chala m'mwala wina. Chalacho chinalowa.

"Mayo ine! Taonani, Bambo Milburn, mwala wasanduka shuga." Anagogoda mzere wa simenti ndi kiyi wa galimoto. "Wamoyo ndi uyu yekha. Munthu amene anachita izi ndikanamupeza, ndikanamuuza kuti achotse ndi mano. Mukumudziwa?"

"Ndi kale," anatero Wilf, atayima motchinga zenera labodza. "Ankabwera ambiri masiku amenewo."

Pa tiyi, Mayi Pringle analankhula mosabisa. Simenti akakhala kuti ali pamwamba pokha, munthu woleza mtima akhoza kumuchotsa ndi tchizulo ndi hamala, anthu akugona m'nyumba momwemo. Koma iye sankadziwa kuya kwake. Ndipo chinyezi cha pansi pa matabwa sankachimvetsa.

"Nyumba zotere zimakhala ndi timabowo topumira. Iyi ilibe, ndafunafuna. Ndiye ndiyenera kulemba kuti azule matabwa onse tione m'kati. Matabwa akazulidwa, inu simungakhalemo. Pepani, mayi. Keke yanu ndi yabwino, koma lipoti langa likhala loipa."

Anatsanzika n'kupita kugalimoto yake. Wilf anaima pazenera lamimba, akumuona kudzera pagalasi loyang'ana msewu. Kumbuyo kwake Sheila ankasonkhanitsa makapu.

"Bambo anga ankati munthu wosesa mchenga m'mawa uliwonse amadziwa kumene ukuchokera."

Wilf sanatembenuke. "Unkandiona?"

"Zenera ili lili ndi maso atatu, nkhalamba iwe. Ndakuona ndi katsache kako kuyambira ana ali kusukulu."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndimadikira mwini wake."

Kunja injini inalira. Wilf anatuluka ndi masilipasi, n'kukagogoda pagalasi la galimotoyo.

"Mayi Pringle. Munthu wa mano uja ndine. Kungoti mano ake masiku ano amagona m'kapu, sangakuthandizeni."

Mayiyo anathimitsa injini. Manyazi anamugwira iye kuposa Wilf. Koma Wilf anali atayamba kale kulankhula, ndipo mawu amene anakhala m'kamwa zaka makumi anayi anatuluka mwadongosolo, khoma ndi khoma. Kum'mwera, kum'mawa ndi kumadzulo simenti analowa ngati nsonga ya chala chachikulu basi, pakuti ankathamanga, ndipo kuseri kwake kuli laimu wa Jos. Kumpoto anazamitsa kawiri, poti ndiko kumamenya mvula. Kenako anatenga tchizulo, anagwada pa udzu wonyowa, anawerenga miyala itatu kuchokera pangodya, n'kumenya. Atamenya kachisanu ndi chimodzi, chigamphu cha simenti chinagwera m'kati. M'kabowomo munatuluka mpweya wozizira, wonunkha bowa.

"Tilipo tinayi," anatero. "Ndinkaletsa makoswe."

Mayi Pringle anagwada naye, n'kuunikamo ndi tochi.

"Matabwa akadali bwino, zikuoneka. Tsegulani tonse lero lomwe." Anadzuka akusasa maondo. "Tichite chonchi. Kukafunda mundikonzere chigawo chimodzi, kukula ngati chitseko. Pamanja, makina ayi. Ndikakhutira, mupitirize. Koma woyang'anira esiteti akufuna yankho lomaliza kumapeto kwa Okutobala, ndipo ndidzalemba zimene ndidzaone, kaya zikukomereni kaya ayi. Laimu mumamudziwa?"

"Ndinkaonerera apongozi anga."

"Bodza," anatero Sheila ali pakhonde. "Ankaonerera ine. Wodziwa laimu ndine, ndinkanyamula ziguduli ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri."

Anamzeze anafika sabata yachitatu ya Epulo, awiri poyamba, kenako ena. Tsiku lomwelo Sheila anatulutsa mpando n'kukhala padzuwa, bulangete lili m'miyendo. Mchenga wokhakhala magawo atatu, laimu gawo limodzi. Madzi ochepa. "Ochepa ndati, Wilf, sukuphika phala." Kusakaniza ndi kupondaponda mpaka afewe yekha. Kunyowetsa mzere kaye, kenako kukankhiramo laimu ndi kachitsulo kopyapyala mpaka afike kumene kuli wa Jos. Ndiyeno kudikira. Chala chikamalowabe, ndiye kuti nthawi sinakwane. Chikakana chala koma n'kulola chikhadabo, kumenya ndi bulashi yolimba mpaka timiyala ta mumchenga tionekere. Pomaliza ziguduli, ndi madzi m'mawa ndi masana.

Chigawo choyamba Wilf anachigumula yekha kawiri. Chachitatu Mayi Pringle anachisisita ndi chikhatho mu Meyi, n'kungoti, "Pitirizani."

Kuchotsa ndiko kunali kowawa. Zimene anamata m'masabata asanu ali mnyamata zinkamutengera tsiku lathunthu kuti achotse kutalika kwa mkono umodzi, chifukwa ukamenya mwaukali simenti amachoka ndi mlomo wa mwala. Anaphunzira kumenya pakati pa mzere, mofatsa, ngati akugogoda pakhomo pa wodwala. Maluwa oyera a m'mipanda anaphuka, n'kuyoyoka. Udzu unamwetedwa m'madambo, fungo lake n'kufika mpaka pageti. Loweruka lililonse magalimoto a ukwati ankadutsa, alendo ovala zipewa n'kumajambula nkhalamba ili pamakwerero, poganiza kuti nayonso ndi mbali ya zakalezo. Dzanja la Wilf linatupa pamfundo. Sheila ankalimanga ndi nsalu yonyowa, imodzimodzi ngati khoma.

"Nonse awiri ndinu akale," ankatero. "Kungoti iwe boma silinakulembe m'kaundula."

Anamzeze anaswa ana, anawo anauluka, kenako anaswanso ena. Kum'mwera kunatha mu Juni, kum'mawa mu Julayi, kumadzulo kumapeto kwa Ogasiti. Makoma atatuwo anayera ngati mkate, mizere yake itabwerera m'kati pang'ono kuti mwala uoneke. Wilf anafika ku khoma lakumpoto mu Sepitembala, anamzeze atayamba kale kundanda pawaya. Simenti wakuya uja anamuchedwetsa. Anali atachotsa theka lakumunsi lokha, mizere ili yasa, pamene m'mawa wina anakweza maso n'kupeza waya uli wokha.

Kunja kunali kofunda, dzuwa lofatsa, akangaude atayala ulusi pa udzu. Wilf anatulutsa ndowa n'kuyamba kusakaniza. Sheila anatuluka wopanda mpando wake.

"Ukutani?"

"Masabata atatu okha, Sheila. Ukuona wekha mmene kwafundira."

"Anamzeze apita."

"Anamzeze salemba malipoti. Mayi uja akadzapeza khoma lili yasa chonchi adzati ntchito yatikanika. Ukufuna Khirisimasi ya m'tauni?"

"Sindikufuna. Ndikuiopa kuposa iwe." Anakhosomola, n'kudikira kuti mpweya ubwerere. "Koma unathamangapo kale kamodzi, mwamuna wanga. Liwiro lakolo ndakhala ndikulitsokomola zaka makumi anayi."

Wilf anaima atagwira fosholo. Anayang'ana mizere yotsegukayo, kenako zilembo ziwiri zija pansi pa zenera labodza, zimene anali asanazifike. Akanatha kumaliza. Manja ake tsopano ankaidziwa ntchito, ndipo pofika tsiku la lipoti khomalo likanaoneka bwino. Za mu Malichi zikanadzaoneka mu Malichi. Anadziwa kuti mnyamata wa 1976 akanaganiza chimodzimodzi.

Anavundikira ndowa. Anatsuka tchizulo, bulashi ndi kachitsulo kaja, n'kuziyanika pakhonde. Masana amenewo anapachika ziguduli zouma pakhoma lonse lakumpoto, motalikirana nalo pang'ono, kuti mvula isamenye koma mphepo idutse.

Pa 9 Okutobala udzu unadzuka utayera ndi chisanu.

Mayi Pringle anabwera masamba a mitengo ya m'mbali mwa njira atayoyoka. Anakanda laimu wakum'mwera ndi chikhadabo, anaunika m'timabowo tinayi tija, kenako anakweza chiguduli chimodzi kumpoto.

"Simunamalize."

"Ayi."

"Dzanja?"

"Dzanja lilipo. Anamzeze anapita."

"Linali liti limenelo?"

"Pa 24 Sepitembala."

Mayiyo anawerenga masiku ndi zala, n'kutsitsa chiguduli mosamala. "Pobwera m'galimoto ndimapemphera kuti ndisapeze khoma ili litamatidwa. Mukanamaliza, ndikanalemba kuti musamuke. Laimu wa mu Okutobala akanagwa yense pofika Malichi, ndipo ndikanadziwa kuti dzanja ndi lomwe lija." Anatsegula kabuku kake. "Ndilemba kuti ntchito ikuyenda moyenera, ndipo imalizidwe kukafunda ndi amene anaiyamba. Ndilembanso kuti nyumba yonyowa imauma ndi moto wa tsiku ndi tsiku, ndipo moto umafuna munthu wousonkhezera. Kaya adzamva, sindikulonjeza."

"Mulembenso kuti kapitawo ndine," anatero Sheila.

Kalata ya woyang'anira esiteti inafika mu Novembala. Inali ya mizere inayi. Banja la a Milburn likhale kaye, nkhaniyo idzaunikidwanso pakatha chaka. Sheila anaiika pazenera, n'kuitsindikiza ndi mutu wa mbawala uja, umene unkadikirabe mmisiri weniweni wosema miyala.

Chifuwa cha Sheila chinabwera pa nthawi yake, monga mwa zaka zonse. Khoma limene lamwa madzi zaka makumi anayi siliuma m'miyezi isanu ndi umodzi. Komabe atasuntha kabati mu Disembala, anapeza pakati pa nkhungu yakudayo pali malo otuwa, kukula ngati mbale. Sheila anaikapo chikhatho. Kabatiyo sanalole kuti ibwerere.

M'mawa wina chisanu chitalimba, Wilf anatuluka ndi tsache, mwachizolowezi. Kumpoto, pansi pa ziguduli, anasesa kamchenga kodzaza dzanja limodzi, ndipo sanathamange. Anazungulira kumadzulo, kum'mwera, kum'mawa. M'tsinde mwa makoma atatuwo munalibe choti asese. Anaima pakhonde pakati pa nsanamira zonenepa zija, tsache lili m'manja, n'kuyang'ana m'mwamba, kumene zisa zitatu zadothi zinali zopanda eni. Anawerenga nthawi yotsala kuti eniwo abwerere: Januwale, Febuluwale, Malichi, ndi masabata atatu.

Kumbuyo kwake chala cha Sheila chinagogoda pagalasi loyang'ana geti.

"Tiyi akuzizira, mmisiri."